Mpeni Wothyoka pa Chiliza cha Agogo Ako

Vero mwana wanga,

Ndakhala pakhonde pano dzuwa likadalipo, ndipo cholembera ndatenga chako chomwe. Ndikukulembera kalata ngakhale tigona nyumba imodzi, chifukwa masana aja tinayesa kulankhulana pakamwa ndipo waona wekha mmene zathera: ine kukuwa, iwe kumenyetsa chitseko, bambo ako kutenga njinga ngati aitanidwa kwina. Pakamwa panga ndimapadziwa, sipadikira mnzake amalize. Uwerenge mpaka kumapeto, ngakhale pofika pakati ukhale utandida.

Mawa ukuyenera kukwera basi ya ku Lilongwe kukayamba sukulu ya zophikaphika imene wakhala ukuilota chimalizireni sekondale. Ndinkafuna kalata ino ikhale ya zina: za anyamata a m'tauni, za kupita ku Misa, zoti usamagone ndi njala pofuna kugula nsapato. Zimenezo ukuzidziwa kale, ndakhala ndikukutsina nazo khutu kuyambira uli wamng'ono. Koma m'mawa muja, pokuikira ufa ndi nyemba m'chikwama, dzanja langa linagunda kansalu kokulungidwa pansi pa madiresi. Nditamasula ndinapeza mipeni itatu yonyezimira, uliwonse m'kathumba kake, ndi kathumba kachinayi kopanda kanthu. Uliwonse unali ndi mimba yopindikira m'mwamba, chigwiriro cha misomali yofiirira, ndipo pafupi ndi chigwiriro timizere titatu ndi kadontho. Ndi chizindikiro cha mlongo wanga, amalume ako a Lusiyano, chimene amaika pa mpeni uliwonse wotuluka m'chipala chawo chosulira zitsulo kwathu kwa Mposa. Koma sinali mipeni yawo. Nditagogoda umodzi ndi chala unalira ngati chivindikiro cha poto, ndipo ndinakhala pansi pomwepo.

Nditakufunsa sunakane, pamenepo pokha ndikuyamike. Unandiuza kuti mpeni wanga waukulu, umene amalume ako anandisulira, unapita ndi basi ya ku Blantyre. Munthu wa m'basimo anagula nzimbe pamsewu paja pamene timagulitsira malonda, anapempha mpeni pawindo kuti adule, basi inanyamuka iwe ukutumikira wina. Unaopa kundiuza. Utapita ku Balaka kukagula za kusukulu unapeza munthu atayala pasaka mipeni ya chizindikiro cha amalume ako, inayi pamtengo wosakwana ngakhale umodzi weniweni. Unatenga. Itatu unasungira kusukulu, waukuluwo unaupaka mwaye ndi mafuta kuti ude ngati wakale, n'kuuika m'dengu limene tinapita nalo kumudzi ku chiliza cha agogo ako mwezi watha. Mwaye umenewo ndi umene ukundipweteka, Vero. Munthu amene sakudziwa kuti wagula chabodza sachipaka mwaye.

Tsiku lija unaliko, koma unali kumiphika. Ine ndinali pafupi, choncho ndikufuna uone ndi maso anga.

Kumudzi kwathu ukudziwa mmene timakhalira. Ife a ku Misa, nyumba yoyandikana nayo a ku mzikiti, chitsime chimodzi. Kukakhala ukwati, maliro kapena chiliza, mbuzi sitizinga tokha. Timaitana Che Amidu, mnansi wathu Msilamu uja, kuti nyama ikapsa pasapezeke munthu wokhala kumbali akunena kuti wakhuta pomwe m'mimba mukulira. Anazinga pa ukwati wanga, anazinga pa ubatizo wako, ndipo sanalandirepo china choposa mwendo wa mbuzi ndi zikomo. Tsiku la chiliza cha agogo ako amalume ako anadzuka ndi nkhope yachimwemwe imene sindinawaone nayo chimwalirireni amayi athu. Mbuzi anagula okha, tonde wamkulu wakuda. Ogulitsa nyama amene amagula mipeni kwa iwo anabwera kudzawalemekeza, ena panjinga zamoto kuchokera ku Ngokwe kutali konse kuja.

Che Amidu atasolola mpeni wawo m'thumba, amalume ako anawagwira mkono.

"Bwezani wanuwo, Che Amidu. Lero ndi tsiku la amayi. Achemwali, tabweretsani waukulu uja ndinakusulirani."

Ndinathamanga ndikunyada, ndinasolola m'dengu osayang'ana n'komwe. Che Amidu anauyesa pa ubweya wa pamkono, unameta. Chitsulo chilichonse chimameta chikangochoka panolo. Anthu anagoneka mbuzi kuloza kumene Asilamu amaloza popemphera, Che Amidu anabisa mpeni kumbuyo monga amachitira kuti chiweto chisauone, anasisita khosi, anatchula Bisimila. Atakoka, mpeni unalowa pang'ono n'kupindika, kenako unathyoka pamene chitsulo chimalowa m'chigwiriro. Chidutswa chinawacheka m'chikhatho. Ogwira miyendo anadzidzimuka n'kutaya. Mbuzi inadzuka khosi lili lotseguka theka, inathamangira pakati pa amayi, inagubuduza ndowa, magazi ali mbwee pa zitenje za anthu. Kulira kwake ndimakumvabe ndikamatsuka mbale. Inakagwera m'munda wa chinangwa kuseri kwa nyumba, ndipo pomwe anthu amaipeza inali itatha kale.

Che Amidu sanakalipe. Anakulunga dzanja ndi mpango umene wina anawapatsa, n'kunena chapansipansi:

"Iyayi, abale anga, imeneyi yafa yokha, ndi chibudu. Ife sitingadye. Mutikhululukire."

Amalume ako anatola zidutswa zija pansi, anazitembenuza, nkhope yawo inasintha.

"Uwu si wanga," anatero. "Onani mchira wa chitsulochi, wathera pakati. Wanga umafika kumapeto kwa chigwiriro. Ichi ndi chitsulo cha mgolo, ine ndimasula sipuling'i ya lole."

Wogulitsa nyama wina wa ku Ngokwe anatenga chidutswa, anapukuta magazi ndi chala, anakweza m'mwamba kuti onse aone.

"Nanga timizereti n'ta yani, amisiri?"

Maso onse anabwera kwa ine, poti mpeni unatuluka m'dengu langa. Apa ndi pamene ndinalakwa, ndipo ndinalakwa ndi mtima wonse. Ine ndinamva ngati mlongo wanga akuuza anthu kuti ine, mlongo wa mmisiri, ndimagula mipeni pamsika. 

"Achimwene, musandichititse manyazi tsiku la amayi!" ndinakuwa. "M'nyumba mwanga simunalowepo mpeni wogula. Uwu munandipatsa ndi manja anu, Mulungu akundimva!"

Ndinalumbira, Vero, chala chili m'mwamba, pamaso pa mudzi wonse. Wina kumbuyo anaseka n'kuti mmisiri wakana mwana wake, ndipo mawuwo anayenda m'gulu lonse. Amalume ako anandiyang'ana nthawi yaitali.  Anaika zidutswa m'thumba la malaya n'kupita kuseri. Theka la anthu linadya ndiwo za nandolo, ena ananyamuka osasamba m'manja. Iwe unaima ndi chipande m'manja, ndipo mawu anga onse unawamva.

Chichokereni tsiku limenelo chipala chawo chinazima. Usawade ogulitsa nyamawo. Munthu amene mpamba wake wonse ndi mbuzi imodzi sangaike khosi lake pa mpeni wokayikitsa, ndipo ogula ake ambiri ndi a ku mzikiti, akangomva kuti nyama yake inavuta pozinga basi wagwa. Nkhani inafika ku Ngokwe anthu aja asanatsike n'komwe panjinga. Amene anaitanitsa mipeni anabweza mawu. Amalume ako sayankha foni yanga, ndipo ine ndinkati ndi liuma lawo, ndinkauza bambo ako kuti munthu wamkulu azivomera akalakwitsa ntchito. Sabata yatha akazi awo anandiimbira akulira. Akuti mawa lomwe iwe ukunyamukali, poti ndi tsiku la msika, kukubwera munthu kudzagula mvukuto, nyundo zonse, ndi chidutswa cha njanji chimene amasulirapo. Akuti amalume akowo azikagwira maganyu m'minda ya mpunga kudambo. Munthu wa imvi, wodwala msana, amene dzina lake linkadziwika mpaka ku Ntaja chifukwa cha manja ake. Ndinamvera chisoni alamu anga koma mumtima ndinati amalume ako adzichitira okha. Ndakhala ndikutero mpaka m'mawa muja.

Tsopano ndiyankhe zimene unandiponyera masana, poti pakamwa sindinakuyankhe, ndinangokuwa.

Unati, "Ine sindinasule mpeni wabodza, amayi. Ndinangogula. Aliyense akugula." Zoona, sunasule. Amene anadula mgolo n'kudinda timizere ta eni ake sindikumudziwa, ndipo mlandu wake ali nawo. Koma munthu ameneyo sadya mipeni. Amadikira wina adzatambasule dzanja pasaka paja, ndipo akaona kuti yatha amakadula mgolo wina. Mlendo wochokera ku Dedza akagula ndingamumvetse, waona chizindikiro, wakhulupirira, wapusitsidwa. Iwe sunapusitsidwe. Unakula ukupita kutchuthi kwa amalume ako, ukudziwa kuti mpeni umodzi umawatengera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ukudziwa fungo la chitsulo chofiira akachiviika m'mafuta. Unaona mtengo, unaona kunyezimira, unadziwa, unagula. Chakomachakoma pusi anagwa chagada, koma apa wagwa chagada si iwe, ndi munthu amene sanayandikireko n'komwe ku Balaka.

Unatinso, ndipo apa unakweza mawu ngati wapeza pondigwirira, "Amalumenso anaonera kwa a Namaona. Mimba yopindikayo si yawo. Bwanji iwo si akuba?" Funso limeneli ndi labwino, sindilinyoza. Ndikuuze zimene ndinaona ndi maso anga ndili mtsikana. A Namaona anali mkulu wa ku Mozambiki, Mlomwe ngati makolo athu, amene anadzakhala kumapeto kwa mudzi. Mipeni yawo inali ndi kamwezi pafupi ndi chigwiriro, ndipo panalibe wozinga amene sankakadziwa kamwezi kameneko. Amalume ako anagwira nawo ntchito zaka zambiri asanakwatire. Atafuna kuyamba chipala chawochawo, anapita kukatsanzika ndi tambala, ndipo ine ndi amene ndinanyamula tambalayo. Mkulu uja anawauza, ine ndikumva:

"Mimba tenga. Chigwiriro tenga, ndakupatsa. Koma kamwezi kangaka usiye. Mpeni wako ukathyoka, anthu abwere kwa iwe, asabwere kwa ine."

Chaka choyamba palibe amene ankafuna timizere titatu. Anthu ankatembenuza mpeni, akaona kuti palibe kamwezi ankabweza. Ogula ena ankawanyengerera kuti angodinda kamwezi, ndani adziwe, mpeni ndi womwewo. Amalume ako ankagona ndi chinangwa chouma koma sanadinde. Anthu anayamba kubwera okha ataona kuti wa timizere suthyoka, ndipo ukabuntha mwini wake amaunola osalipiritsa. Waona kusiyana kwake? Kuphunzira kapangidwe si kuba, tonsefe timaonera kwa ena, ngakhale mandasi anga ndinaonera kwa apongozi. Koma chizindikiro chimanena kuti chinthuchi chikakukhumudwitsani, khomo lake ndi ili. Amene anakugulitsa ku Balaka anatenga ndalama yekha, khomo anapereka la amalume ako.

Inenso zinandichitikirapo pamsewu pano, iwe uli kumbuyo. Nditangofika ku Phalula ndinkagulitsa matimati m'beseni lobiriwira, lokhalo pakati pa mabeseni oyera a anzanga. Sindinkabisa owola pansi, ndipo madalaivala anayamba kuuzana kuti mukafika ku Phalula mufunse wa beseni lobiriwira. Sipanapite nthawi, mayi wina anagula beseni lofanana nalo n'kukhala cha kumtunda kwanga, pamwamba matimati okongola, pansi phala. Tsiku lina bambo wina anaimitsa galimoto, anatsika ndi jumbo ya matimati owola n'kundikhuthulira pamapazi, anthu akuonerera. Ndinalumbira kuti si ine, koma iye ankangoloza beseni. Ndinalira njira yonse yobwerera kunyumba, ndipo zinali za matimati chabe, ndinagula beseni la mtundu wina n'kuyambiranso. Amalume ako alibe pogula dzina lina pa msinkhu umenewu. Chimene chikundiwawa n'chakuti ine, amene ndinalawapo zimenezi, sindinaime n'kuganiza kuti mwina mlongo wanga akunena zoona.

Bambo ako nawonso andiponyera lawo asanathawe ndi njinga. Ati, "Nanga foni yakoyo ndi yeniyeni? Nanga chitenje wavalacho?" Mpaka pano ndilibe yankho lokwanira. Foni yangayi ili ndi dzina la kampani imene mwina siinaionepo. Masilipasi a m'nyumba muno onse ali ndi mayina a eni ake. Mwina kwinakwake kuli munthu amene akulira chifukwa cha ine monga alamu anga akulirira chifukwa cha iwe, sindikudziwa, ndipo sindinena kuti ndine woyera. Ndikudziwa kuti umphawi umatikankhira pasaka. Koma ngakhale pasaka pali kusankha. Ku Balaka komweko kuli mipeni ya zigwiriro za pulasitiki yopanda dzina la munthu aliyense, yotchipa kuposa imene unagula. Ukanagula umenewo n'kubwera kudzati amayi ndataya mpeni wanu, ndagula uwu, ndikanakuwa mpaka agalu a kutsidya kwa msewu ayankhe, kenako zikanatha. Kugula chotchipa si tchimo, mwana wanga. Umvetse bwino pamenepa, usadzadzizunze ku Lilongwe pofuna zinthu zodula. Ugule chimene ungakwanitse, koma chikhale chimene chikunena kuti chili.

Ndipo kumeneko uzikaziona zambiri kuposa kuno. Ukapeza mapoto a mayina akuluakulu, mipeni ya m'makatoni yolembedwa za kunja, zokometsera zakudya zothiridwa m'mabotolo a eni ake. Anzako akakuuza kuti usapuse, zonse n'zimodzi. Uzikafunsa kuti wapanga ndani, ndipo chikathyoka ndipita kwa yani. Wogulitsa akayamba kuyang'ana kumbali, ubweze. Safunsa anadya phula. Ntchito imene wasankhayi ndi ya pakamwa pa anthu, Vero. Tsiku lina udzakhala ndi malo akoako odyera, anthu azidzadya osaona kukhitchini, kungokhulupirira dzina lako. Msilamu akadzakufunsa kuti nyamayi anazinga ndani, udzamuuze zoona ngakhale atuluke osagula. Mnzako akadzakuphunzitsa kaphikidwe kake, anthu akamayamikira uzidzatchula kuti ndinaphunzira kwa uje, sizidzakuchotsera kanthu. Ndakuikira m'chikwama mipeni yanga iwiri yaing'ono, yeniyeni, yakuda, yosaoneka bwino. Anzako mwina akaiseka, koma ikadula.

Pali chinanso chimene ndiyenera kunena, ngakhale chikundivuta. Unandiopa. Mtsikana wamkulu ngati iwe unasankha kupita ku Balaka, kugula, kupaka mwaye, kubisa, m'malo mondiuza kuti basi yapita ndi mpeni. Ndiye kuti ndine mayi woopsa kuposa mmene ndinkadziwira. Zimenezo zandilasa mumtima, ndipo ndikukupepesa. Ndikuganizanso za mwezi wonsewu mmene wakhalira nazo wekha. Ndinkadabwa kuti bwanji sukudya, bwanji ndikatchula amalume ako umadzuka kukatunga madzi ndowa zili zodzaza. Ndinkati ndi nkhawa ya ulendo. Sindikuganiza kuti ndiwe mwana woipa. Ndikuganiza kuti tsiku lija unafuna kulankhula, koma utamva ndikulumbira unaona kuti ukatsegula pakamwa ugwetsa mayi ako pamaso pa anthu, ndipo tsiku lililonse lotsatira linakhala lolemera kuposa dzulo lake. Ndikukumvetsa. Koma kukumvetsa kwangaku sikuyatsa moto m'chipala cha amalume ako.

Bambo ako akuti ndizisiye. Akuti mwana anyamuke bwino, usamuonongere ulendo, uwaimbire a Lusiyano pafoni uwafotokozere, kapena upite sabata ya mawa mitima itazizira. Bambo ako ndi munthu wamtendere, n'chifukwa chake tinakhalitsana, koma apa alakwa. Amalume ako safunika kuuzidwa kuti mpeni sunali wawo, anadziwa atangougwira. Ofunika kuuzidwa ndi Che Amidu, amene mpaka pano sagwira khasu ndi dzanja lamanja, ndi ogulitsa nyama amene anamva kulumbira kwanga. Mawu amene ndinakuwa pagulu sindingawabweze monong'ona pafoni. Kutuma munthu sindingathenso, kandimverere anakanena za m'maluwa. Ndipo sabata ya mawa njanji ija idzakhala ili pangolo ya munthu wina. Mmisiri akagulitsa zipangizo sabwereranso, ndawaonapo awiri kumudzi kwathu, onse anathera m'maganyu.

Za sukulu sindikuzichepetsa. Wandiuza kuti amene safika mawa akhoza kupeza bedi lake la ku hositelo lapatsidwa kwa wina, ndipo ukudziwa kuti ife sitingakwanitse kukulipirira nyumba ya lendi ku Lilongwe. Sindingakulonjeze kuti akakusungira. Tikhoza kuimba m'mawa n'kupempha, akhoza kumva, akhozanso kukana. Ndagulitsa matimati padzuwa la msewu uno zaka zonsezi kuti tsiku la mawa lifike, ndiye usaganize kuti ndikulemba izi mtima uli m'malo.  Ndikuopa kuti utaya malo ako chifukwa cha ine. Ndikuopanso kuti ukwera basi, ukafika, ukakhoza, udzakhala wophika wotchuka, ndipo moyo wako wonse uzidzalambalala njira ya kwa Mposa. Amalume ako ndiwo mwini mbumba wathu. Tsiku la chinkhoswe chako adzakhala pampando ndi iwowo, ukadzabereka adzafuna kunyamula mwana. Udzawayang'ana bwanji? Mlandu suola, umangodikira mwini wake.

Sindikukumanga miyendo. Wakula, ndalama ya basi ili m'chikwama, sindinaikhudze, katundu wako ndamanga yense monga tinapanganira. Ukasankha Lilongwe bambo ako akuperekeza kumsewu, ndipo sindidzakutemberera, uli mwana wanga lero ndi mawa. Koma ndikuuze chimene ine ndichite, kuti usadzanene kuti sunadziwe.

Mipeni itatu ija ndaitenga, ili m'dengu langa pamodzi ndi kansalu kake. Mawa ndikwera minibasi yoyamba ya ku Liwonde, kuchokera kumeneko njinga yamoto mpaka kumsika kwathu, ndikafike wogula zipangizo uja asanamange katundu. Ndikayamba kwa Che Amidu, ndikagwada pakhomo pawo. Kenako ndikawapempha tipitire limodzi kumene amapachika nyama, nthawi imene anthu amachuluka. Ndikayala kansaluko pathebulo, ndikaitanitsa amalume ako abwere ndi zidutswa zija ngati sanazitaye, anthu akaone okha kuti chothyokacho chikukwana m'kathumba kachinayi. Ndikanena mokweza monga ndinakuwira tsiku lija kuti ndinalumbira zabodza, mlongo wanga ananena zoona, mpeniwu unagulidwa pasaka ku Balaka. Akandiseka, ena akanditukwana, zimenezo ndi zanga ndipo ndazilandira kale.

Koma ndikuwadziwa anthu a kwathu. Sakasiyira pomwepo. Wa ku Ngokwe uja, kapena wina ngati iye, akapinda manja n'kunena kuti mwezi watha munalumbira zina, lero mukulumbira zina, magazi ndi magazi, mwabwera kudzapulumutsa mlongo wanu, mipeniyi mwagula dzulo. Ndipo akafunsa kuti ngati simunagule ndinu, anagula ndani, analowetsa m'dengu ndani.

Ndaganizapo zokanena kuti ndinagula ndine. Masana onsewa ndakhala ndikuzitembenuza m'mutu, chifukwa palibe mayi amene amafuna mwana wake aime pakati pa msika anthu akumuloza. Koma ndinalumbira bodza kamodzi ndisakudziwa, ndipo waona chimene lachita. Sindikalumbiranso lina ndikudziwa. Dzina lakonso sindikalitchula. Sindingakugulitse pamsika iwe kulibe, ngakhale zitatanthauza kuti anthu abalalika osandikhulupirira ndipo njanji ikwera ngolo ine ndikuona.

Akakandifunsa funso limenelo ndikangocheuka kuyang'ana kumbuyo kwanga. Anthu onse akacheuka nane limodzi, amalume akonso.

Vero, ndikufuna ndikakacheuka ndikakuone.

Ndine mayi ako,
amene anakubereka ndipo sadzakukana.